UPHUNGU KU SUKULU ZA SEKONDALE: ZIMENE MAKOLO AYENERA KUDZIWA

Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale pamudzi pamakhala chimwemwe. Makolo amagulitsa mbuzi, mtedza kapena fodya kuti apeze yunifolomu, nsapato ndi zina zofunika kusukulu, ndipo akatero ambiri amayesa kuti mbali yawo yatha, zotsalazo nza aphunzitsi. Koma zaka 4 za ku sekondale ndizo zimene mwana amasinthika kwambiri m'thupi ndi m'maganizo, ndiponso ndi m'zaka zomwezi mmene amasankha njira imene idzamfikitse ku koleji kapena kumbwezera kumudzi. Pa zinthu ziwiri zimenezi, umoyo wake ndi tsogolo la maphunziro ake, mwana amasowa munthu wamkulu womuunikira. Ntchito imeneyi ndiyo imatchedwa uphungu.

Uphungu si chinthu chachilendo pakati pa Amalawi. Kuyambira kale mwana akatha msinkhu ankalangizidwa ndi anamkungwi, banja likagwedezeka ankhoswe ankakhala pansi, ndipo mnyamata wosokonekera ankaitanidwa ndi malume ake. Chimene chasintha nchakuti mwana wa sekondale amatha miyezi yambiri ya chaka ali kutali ndi akuluakulu amenewa, ndiponso ena mwa mafunso ake ngoti agogo sangawayankhe ngakhale atafunitsitsa. Agogo angathe kumlangiza za ulemu ndi kudzisunga, koma sangamuuze maphunziro amene ayenera kutenga kuti adzakhale namwino.

Kodi phungu wa pasukulu ndani?

M'sukulu zambiri za dziko lino phungu si munthu wolembedwa padera pa ntchitoyi ayi. Kawirikawiri amakhala mmodzi mwa aphunzitsi omwewo, amene mphunzitsi wamkulu wamsankha poona khalidwe lake, ndipo amagwira ntchitoyi pamwamba pa kuphunzitsa m'kalasi. Ku sukulu zogonera komweko amathandizana ndi matironi ndi aphunzitsi oyang'anira malo ogona. Ku sukulu zoyendera, zimene zambiri mwa izo zidali malo a maphunziro a MCDE mpaka chaka cha 1998, amadalira gulu la amayi a m'mudzi ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Mu mzinda wa Lilongwe muli likulu la bungwe lotchedwa Guidance, Counselling and Youth Development Centre for Africa, limene limaphunzitsa anthu ntchito ya uphungu wa achinyamata. Komabe aphunzitsi amene adaiphunzira ntchitoyi mokwanira ngochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa sukulu.

Pali chinthu chimodzi chimene sukulu zina zimalakwitsa, ndicho kupereka uphungu kwa mphunzitsi yemweyo amene amapereka zilango. Mwana amene dzulo adakumbitsidwa dzenje ndi mphunzitsi uja sangapite kwa iye lero kukaulula kuti ali ndi pakati kapena kuti wayamba kusuta chamba. Phungu ayenera kukhala munthu wofatsa, womvetsera kwambiri kuposa kulankhula, ndiponso wosunga chinsinsi, pakuti nkhani ya mwana mmodzi ikangomveka m'chipinda cha aphunzitsi, ana onse a pasukulupo amatseka pakamwa. Nkoyeneranso kuti pakhale phungu wamkazi ndi wamwamuna, chifukwa zilipo nkhani zimene msungwana sangazinene kwa abambo. Chinsinsicho chili ndi malire ake. Ngati moyo wa mwana uli pangozi, kapena wina akumchitira nkhanza, phungu sangakhale chete, ndipo ayenera kumuuza mwanayo zimenezi poyambirira pomwe.

Chitseko chimatsekeka pa Fomu 3

Makolo ambiri amayamba kuganiza za koleji zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka. Pamenepo nthawi imakhala itatha kale. Mwana akamalowa Fomu 3 amasankha maphunziro ena nkusiya ena, ndipo chimene wasiya pa nthawi imeneyo sadzachilemba pa mayeso a MSCE. Ana ambiri amasankha potsanzira anzawo, kapena pothawa mphunzitsi waukali, kapenanso chifukwa adamva mphekesera yakuti phunziro lakutilakuti nlovuta. Msungwana amene akulakalaka unamwino koma nkusiya Physics ndi Chemistry kaamba ka mantha, wadzitsekera yekha chitseko osadziwa, pakuti sukulu za unamwino ndi za udokotala kawirikawiri zimafuna munthu amene adakhoza bwino Chingerezi, Masamu, Biology ndi maphunziro a sayansi amenewa. Iye adzazindikira zimenezi patapita zaka 2, satifiketi ili kale m'manja.

Apa mpamene ntchito ya phungu imaoneka kufunika kwake. Iye amakhala pansi ndi mwana, kuona malikisi ake a Fomu 1 ndi Fomu 2 pamodzi ndi zotsatira za mayeso a JCE, ndi kumfunsa chimene amafuna kudzachita. Nthawi zina ntchito yake imakhala yolimbitsa mtima mwana wanzeru koma wamantha. Nthawi zina imakhala yonena chilungamo chowawa, monga kuuza mnyamata amene Masamu akumkanika chaka ndi chaka kuti uinjiniya ungamvute, koma kuti luso lake la zilankhulo lingamfikitse patali. Phungu woona mtima amauzanso makolo ngati sukuluyo ilibe chipinda choyeseramo za sayansi kapena mphunzitsi wa phunziro lina, kuti aone chochita nthawi ikadalipo.

Makolo nawonso ali ndi mbali imene amalakwitsa. Kumudzi ntchito zodziwika nzochepa: uphunzitsi, unamwino, upolisi, usilikali ndi ulangizi wa zaulimi. Bambo akaona mwana wa mnansi wake atavala zoyera kuchipatala amafuna wake adzavalenso zomwezo, osafunsa ngati mwanayo angapirire kuona magazi. Mwana nayenso sangalakelake ntchito imene sadaionepo. Nchifukwa chake aphungu ena amaitana anthu a ntchito zosiyanasiyana kudzalankhula ndi ophunzira. Ogwira ntchito pa chipatala cha m'deralo angathandize kwambiri pamenepa, pakuti ana ambiri sadziwa kuti kupatula dokotala ndi namwino kulinso woyeza magazi, wosunga ndi kupereka mankhwala, wojambula mafupa, wa mano, wa maso, ndi woyang'anira ukhondo wa m'midzi, ndipo aliyense wa iwowa ali ndi sukulu yake.

Mapointi ndi tanthauzo lake

Mayeso a MSCE amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Pa phunziro lililonse mwana amapatsidwa nambala yoyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza mopambana, 3 mpaka 6 ndiyo imatchedwa credit, 7 ndi 8 ndiko kungokhoza chabe, ndipo 9 ndiko kulephera. Pofuna kupeza mapointi amaphatikiza manambala a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino. Motero amene wapeza 2, 3, 3, 4, 5 ndi 6 ali ndi mapointi 23. Mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza bwino, ndipo opambana onse ndi 6. Zimenezi zimasokoneza makolo ena, amene amakondwera mwana akanena nambala yaikulu.

Kuti munthu aganiziridwe ku sukulu za ukachenjede za Boma ayenera kukhala ndi ma credit 6, ndipo limodzi mwa maphunzirowo likhale Chingerezi. Mwana amene wakhoza mopambana Masamu ndi sayansi koma nkupeza 7 pa Chingerezi sangatengedwe, ndipo amene walephereratu Chingerezi sapatsidwa ndi satifiketi yomwe. Phungu ayenera kuwakumbutsa ana zimenezi kuyambira tsiku limene alowa Fomu 1.

Kale dziko lino lidali ndi sukulu ya ukachenjede imodzi yokha, University of Malawi, imene idatsegulidwa mu 1965. Ya ku Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1997, koleji ya zaulimi ya Bunda idaima payokha nkukhala LUANAR mu 2012, ndipo MUST idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. M'chaka cha 2021 University of Malawi idagawidwa patatu: dzinalo lidatsalira ya ku Zomba, Polytechnic ya ku Blantyre idakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizidwa nkukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito yolandira makalata a ofuna malo m'sukulu zimenezi imadzera ku bungwe la NCHE, ndipo wophunzira amalemba maphunziro angapo amene akufuna, mondondozana. Pamenepa ana ambiri amapunthwa. Mwana wa mapointi apakatikati akalemba maphunziro okhaokha amene akulimbirana ndi anzake a mapointi 6 kapena 8, angathe kutsala pomwe akadatengedwa pa maphunziro ena. Phungu amene amawerenga chidziwitso cha chaka chimenecho mosamala, pakuti zofunika zimasintha nthawi ndi nthawi, angapulumutse mwana wotere.

Njira zina zilipo

Malo ku sukulu za ukachenjede ngochepa, ndipo ana ambiri amene ali ndi ma credit 6 satengedwa. Kusatengedwa sikutanthauza kuti maphunziro atha. Za umoyo zimaphunzitsidwanso ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komanso ku makoleji a mipingo monga a ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission ndi Nguludi. Uphunzitsi wa ku pulayimale umaphunzitsidwa m'makoleji monga a ku Kasungu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre, ndipo wa ku sekondale ku Domasi ndi ku Nalikule. Ntchito za manja monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi umakaniko zimaphunzitsidwa ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Livingstonia ndi kwina, pansi pa bungwe la TEVETA limene lidayamba mu 1999. Anthu ena amaziyang'anira pansi ntchito zimenezi, koma mmisiri waluso sagona ndi njala, pamene alipo a madigiri amene akhala zaka akuyenda ndi makalata m'manja.

Za ndalama, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'sukulu za ukachenjede lidakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2015. Imeneyi ndi ngongole, ndipo imabwezedwa munthu akamaliza maphunziro. Mwana amene akuvutika akadali ku sekondale, phungu angamlozere ku ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma lake, kapena ku mabungwe monga CAMFED limene limathandiza asungwana.

Mutu sugwira thupi likudwala

Mwana amene malikisi ake atsika mwadzidzidzi amafulumira kunenedwa kuti ngwaulesi kapena wayamba zibwenzi. Phungu wanzeru amayamba wafunsa za thupi. Malungo obwerezabwereza, likodzo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi, ndipo munthu wochepa magazi amatopa msanga ndi kusinza m'kalasi. Asungwana amene ayamba kusamba ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi. Mwana wina saona bwino zolembedwa pabolodi koma sadziwa kuti anzake amaona bwino kumposa. Wina amachoka kwawo mbandakucha osadya kanthu, nkuyenda mtunda wautali. Zambiri mwa izi chipatala chaching'ono chingathe kuzizindikira ndi kuzichiza.

Alipo ana amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a khunyu kapena ma ARV. Ku sukulu yogonera ena amaleka kumwa poopa kuti anzawo awaona, ndipo zotsatira zake zimakhala zoopsa. Nkofunika kuti kholo ligwirizane ndi mwanayo za munthu mmodzi wodalirika pasukulupo, kaya phungu kaya matironi, amene angamsungire mankhwala ndi kumpatsa chilolezo chopita kuchipatala pa tsiku lake popanda kumfunsa pagulu.

Mayeso akayandikira ana ena amachezera usiku wonse akuwerenga, ena mpaka kuviika mapazi m'madzi ozizira kuti tulo tithawe. Kumeneku nkudzinyenga. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 kapena kuposerapo, pakuti ndi m'tulo mmene ubongo umasunga zimene munthu waphunzira masana. Bodza lina lofala nlakuti chamba chimatsegula mutu. Chamba chimafooketsa chikumbumtima cha zimene munthu wawerenga, ndipo kwa achinyamata ena chimautsa misala.

Nkhawa ndi matenda

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapeza kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Kumudzi anthu akamva za matenda a maganizo amaganiza za munthu wovula zovala pamsika. Koma ambiri mwa odwala matendawa amavala bwino, amapereka moni mwaulemu, ndipo amakhala m'kalasi ngati wina aliyense.

Kuda nkhawa pang'ono mayeso akayandikira nkwachibadwa, ndipo kumathandiza mwana kuti alimbikire. Chodetsa nkhawa ndi pamene mwana wakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa sabata 2 kapena kuposerapo, waleka zimene ankazikonda monga mpira kapena kwaya, sakudya, akusowa tulo kapena akungogona, akudzipatula, ndipo akunena mawu odzinyoza onga akuti iye ngwachabechabe. Ena sadandaula za mumtima koma za mutu wosatha, kuthamanga kwa mtima kapena kupweteka kwa m'mimba, ndipo akayezedwa sapezeka ndi malungo kapena matenda ena. Anyamata kawirikawiri amaonetsa vutoli mwa ukali, ndewu ndi mowa, popeza adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira.

Mwana wa kumudzi amasenza katundu amene anzake a m'tauni samdziwa. Amadziwa kuti ng'ombe idagulitsidwa chifukwa cha iye, kuti mng'ono wake adatsalira pakhomo kuti iye apite, ndiponso kuti mbumba yonse ikuyembekeza kuti iye ndiye adzaichotse mu umphawi. Mawu amene makolo amanena pofuna kumlimbikitsa, onga akuti "ukalephera usadzabwere pano", iye amawasunga mumtima monga mmene anenedwera. Bambo amene amafunsa za malikisi okha angachite bwino kufunsakonso kuti, "Mwana wanga, kodi kusukuluko ukukhalako bwanji?" ndi kudikira yankho mosafulumira. Imfa ya kholo, kutha kwa banja, kuzunzidwa ndi ana a makalasi apamwamba, ndi ngozi zonga namondwe wa Freddy amene adasakaza maboma a kummwera mu Marichi 2023, zonsezi zimasiya mabala amene saoneka ndi maso.

Mwana akanena kuti kuli bwino kungofa, mawu amenewo asatengedwe ngati nthabwala kapena chiopsezo chabe. Anthu ena amaopa kumfunsa poganiza kuti kutero nkumpatsa maganizowo. Zimenezi si zoona. Kumfunsa mwachifatse ndi mosabisa kumampepuza, ndipo kumapereka mpata womthandiza. Mwana wotere asasiyidwe yekha. Mankhwala ophera makoswe ndi tizilombo ta m'mbewu, pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala amene ali m'nyumba, achotsedwe ndi kutsekeredwa, ndipo iye aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Pa zipatala za pa boma pamakhala anamwino kapena madokotala amene adaphunzira za matenda a maganizo, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri safika nkomwe kumeneko, amachira ndi uphungu, kapena uphungu pamodzi ndi mankhwala, ali kwawo ndiponso akupitiriza sukulu. Pemphero ndi chitonthozo cha abale nzothandiza, koma zisalowe m'malo mwa chipatala.

Za asungwana

Msungwana amene akuchita lendi pafupi ndi sukulu yoyendera, kutali ndi makolo, ali pangozi yaikulu. Ufa ndi sopo zikatha, amuna a ndalama sachedwa kudziwa. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19, asungwana ambiri adatenga pakati ndipo ena adakwatiwa. Makolo ayenera kudziwa kuti kuyambira chaka cha 1993 Boma limalola msungwana amene wabereka kubwereranso kusukulu, ndiponso kuti malamulo a dziko lino, monga adakonzedwera mu 2015 ndi 2017, salola ukwati wa munthu amene sadakwanitse zaka 18. Phungu amathandiza kulemba kalata yosungitsa malo, ndipo mwanayo akabwerera amamteteza ku chitonzo cha anzake.

Mwana akagwiriridwa, kaya ndi mlendo, wachibale kapena mphunzitsi amene, afike kuchipatala msanga. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito ngati ayambidwa maola 72 asadathe, ndipo alipo ena oteteza kutenga pakati amene nawonso amafuna changu. Nkhaniyo ikanenedwe ku polisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa, kapena pa lamya yaulere ya ana ya 116. Kukambirana pakhomo ndi kulandira mbuzi kapena ndalama kumangopatsa wolakwayo mpata wokachitanso zomwezo kwa mwana wina.

Zotsatira zikatuluka

Masiku oyamba zotsatira za mayeso zitangotuluka ndiwo oopsa kwambiri kwa mwana amene sadachite bwino, ndipo mwatsoka pa nthawi imeneyi amakhala atachoka kale pasukulu, phungu ali kutali. Udindo wonse umagwera makolo. Mwana wotere asatonzedwe kapena kuyerekezedwa ndi wa mnansi amene wakhoza. Apatsidwe chakudya, akhale pakati pa abale, ndipo nkhani ya chochita idikire mitima itakhazikika. Kenaka kholo ndi mwana apite limodzi kusukulu kuja atatenga pepala la zotsatira, akaonane ndi phungu kapena mphunzitsi wamkulu. Kumeneko akafunse ngati nkwabwino kubwereza kalasi, kulowa sukulu ya masana, kapena kulembanso mayeso ngati wophunzira wapadera, ndiponso akafunse tsiku limene kalembera wa mayeso a chaka chotsatira adzatsekedwe.